Chaka Chimene Alamu Anabwereka Njinga Yanga

Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, sankapeza tulo akaona chinthu chabwino chili m'manja mwa mnzawo. Anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, kumpoto pang'ono kwa boma la Nkhotakota, m'zaka zomaliza za ulamuliro wa chipani chimodzi. Ntchito ina imene ankagwira ine sindiidziwa. Kumunda kunkapita akazi awo okha. Ukonde umene ankati ndi wawo unali wa malemu bambo awo, ndipo amene ankauponya anali anthu ena. Iwo chawo chinali jekete, baji pachifuwa, ndi chikwama chodzaza makadi a chipani. Analinso malume a ana anga, choncho pakhomo panga ankangolowa osaodira.

Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo chinthu chabwino chimene ndinali nacho chinali chimodzi chokha: njinga yamagiya yokwerera mapiri. Anandisiyira ndi mzungu wina amene ankaphunzitsa masamu pa sekondale. Tinadziwana tsiku limene tcheni yake inaduka kuseri kwa nyumba yanga, ine n'kumuthandiza kuilumikiza. Kuyambira pamenepo ankandibwereka njingayo, ndipo pobwerera kwawo anangoti, "Tengani, kwathu ziliko zambiri." Anandisiyiranso mpope ndi kathumba ka masipanala.

Kwathu kuno njinga yotere inali yachilendo. Matayala ake anali onenepa, amano ngati a thalakitala. Mahandulo anali owongoka ngati mpini wa khasu. Inalibe kaliyala, inalibe madigadi, ngakhale belu inalibe. Ndikaima nayo pamsika anthu ankaizungulira n'kumapukusa mitu.

"Nanga thumba la mpunga mumaika pati, aphunzitsi?"

"Si yakatundu iyi."

"Ndi yachiyani tsono?"

Yankho lake linali lovuta kulinena osaoneka wamisala. Inali yongoyendera. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndinkavula taye, n'kupinda buluku, n'kulowera kumadzulo, kusiya nyanja kumbuyo, kutsata tinjira ta anthu otola nkhuni mpaka kumene nthaka imayamba kukwera cha kumalire a nkhalango ya nyama.

Nyengo iliyonse inali ndi khalidwe lake. M'chilimwe njira zinkauma gwa, njinga n'kumathamanga yokha, koma m'malo otsika mchenga unkameza tayala lakutsogolo ngati sunakhalire kumbuyo kwa chishalo. Mwamvu ukafika ndinkapita Loweruka m'mamawa, dzuwa lisanapse, chifukwa masana ake ngakhale abuluzi amabisala. Dzinja linali la matope akuda a m'madambo a mpunga, omata ngati ulimbo, amene amadzaza pakati pa tayala ndi mabuleki mpaka njinga kuima yokha, iwe n'kutsika kukafuna kamtengo kotokosera. M'masika udzu unkatalika kupitirira mutu wanga, n'kumandikwapula kumaso, ndipo ndinaphunzira kuzindikira chitedze chikadali patali. M'chisanu mwera unkandikankha pamsana popita chakumpoto, koma pobwerera unkandibweza ngati ndaulakwira. Zonsezi ndinkazikonda, ngakhale matope amene.

Ndikafika kunyumba sindinkayamba ndasamba ine. Ndinkatembenuza njinga miyendo m'mwamba pansi pa mtengo wa mango, n'kuchotsa matope ndi kansanza konyowa. Tcheni ndinkaitsuka ndi palafini ndi mswachi wakale, mfundo ndi mfundo, kenako n'kudonthezera oyilo pang'ono, wotsalayo n'kupukuta. Kunyanja kuno mdani wa njinga ndi mchenga. Ukachulutsa oyilo mchenga umamatirira, ndipo umadya chitsulo mwakachetechete ngati chiswe. Masipoko ndinkawaliza ndi chala kuti ndimve lomasuka. Mkazi wanga ankaseka kuti ndikanamasamala malaya anga chomwecho bwenzi ndili hedimasitala.

Poyamba alamu ankainyoza. Ankati ndi chidole cha azungu, ndipo munthu wamkulu wa ana sangamapalase njinga popanda kumene akupita. Zinasintha tsiku limene bwana wina wa chipani wochokera ku boma anabwera pasukulu pathu. Anaona njingayo itatsamira khoma, anaigwiragwira, nati, "Koma iyi ndiye njinga." Alamu anali pomwepo. Ndinaona maso awo akusintha ngati a galu amene wamva kuti kukhitchini kwagwa fupa.

Sipanapite nthawi, anabwera madzulo ena ine ndikutsuka tcheni. Anakhala pampando wanga, napempha tiyi, kenako anatsitsa mawu.

"Alamu, anthu akufunsa."

"Akufunsa chiyani, alamu?"

"Akuti mphunzitsi ameneyu amakatani kumapiri yekhayekha? Popita chimanjamanja, pobwera chimanjamanja. Amakakumana ndi yani? Nanga mzungu uja anamusiyira njinga yokha, kapena anamusiyiranso mawu ena?"

Amene sanakhalepo m'masiku amenewo angaone ngati funso lachibwana. Ife tinkadziwa anthu amene anatengedwa chifukwa cha mafunso ochepa kuposa amenewa. Ndinkadziwanso kuti palibe munthu amene ankafunsa. Wofunsayo anali atakhala pampando wanga, akupemerera tiyi wanga.

"Ndimangokayenda," ndinatero.

"Ine ndikukhulupirira. Koma kuti ndikatseke pakamwa anthu, ndiyenera ndikaone ndekha. Loweruka tipitire limodzi. Ine ndikwera iyi, inu mubwereke ina."

Atachoka, mkazi wanga anatuluka m'khitchini manja ali m'chiuno. Iye achimwene akewo ankawadziwa kuposa ine. "Musawayankhe," anatero. "Apatseni akwere. Akatopa aisiya okha."

Unali mwamvu. Ndinawauza kuti tinyamuke kukangocha, koma iwo anafika dzuwa litakwera kale, atavala jekete lawo lakuda ndi nsapato zosongoka. Popeza anali aafupi, ndinawatsitsira chishalo mpaka pansi. Ndinayamba kuwafotokozera za magiya, kuti pokwera mtunda amafunika lofewa, koma anandidula.

"Lalikulu ndi liti?"

Ndinawaonetsa.

"Ikani limenelo. Ine si mwana."

Ine ndinakwera njinga yakuda wamba imene ndinabwereka kwa mnansi wanga. Tikudutsa m'mudzi alamu anali patsogolo, chifuwa chili tototo, dzanja limodzi likubayibitsa amayi a pamjigo. Nyumba zitatha, nawonso moni anatha. Pamtunda woyamba ndinamva akupuma ngati mvukuto. Pamtunda wachiwiri anatsika n'kuyamba kukankha. Giya lofewa linali pansi pa chala chawo chachikulu, koma kulikhudza kukanakhala kuvomera kuti mphunzitsi wa pulayimale ananena zoona. Jekete sanavule, chifukwa baji inali pamenepo. Tikuyandikira nkhalango akashembe anatipeza, ndipo ntchentche zimenezi zimakonda chovala chakuda. Munthu wamkulu wa chipani anayamba kudzimenya mbama m'khosi, m'masaya, m'matako, akutukwana.

Tinafika pamwala waukulu pamene ndinkapumira nthawi zonse. Kuchokera pamenepo umaona madambo onse, mitengo ya mango ya m'midzi, ndi mzere wobiriwira wa mtsinje wa Bua. Alamu sanayang'ane chilichonse. Anadzigwetsa pamthunzi, namwa madzi anga onse.

"Ndiye ali kuti?" anafunsa atapezako mpweya.

"Ndani?"

"Amene mumakumana nawo."

"Palibe, alamu. Ndimakhala pano, n'kuyang'ana, kenako n'kutsika."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikhulupirira kuti akanapeza zigawenga zitakhala pamwalapo akanandimvetsa bwino. Munthu wovutika chonchi popanda chodyapo, m'mutu mwawo munalibe malo ake.

Potsika ndinawachenjeza kuti mabuleki a njinga iyi si a njinga wamba, ndipo lakutsogolo asaligwire mwamphamvu. Anati akhala akukwera njinga ine ndisanabadwe. Mtunda utayamba kuwathamangitsa anachita mantha, nafinya mabuleki onse ndi mphamvu zawo zonse. Njinga inaima. Iwo sanaime. Anauluka pamwamba pa mahandulo n'kukagwera mumchenga chafufumimba, chikwama cha makadi chikuwatsatira. Ndisaname, ndinayamba ndaona njinga ngati yapindika, kenako n'kuwadzutsa iwo.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, monga ananenera mkazi wanga. Koma titafika m'mudzi sanakhotere kwanga.

"Ndaona kuti mulibe mlandu," anatero, akulavula mchenga. "Koma anthu sakhulupirira msanga. Njingayi ikhale kwa ine kanthawi, ioneke ikugwira ntchito ya chipani. Ndikukutetezani, alamu."

Ndinati zikomo. Mawu amenewo ndinawanena ndi pakamwa panga, ndipo m'masiku amenewo panalibe ena oti n'kunena.

Mvula inayamba njinga ili kwa iwo. Choyamba anapita nayo kwa wowotcherera zitsulo kukaikitsa kaliyala. Munthuyo anawotcherera chitsulo cha bedi lakale pa felemu, utoto wonse wakumbuyo n'kupsa. Kenako anaika galasi loonera kumbuyo, belu, kambendera, ndi timaliboni ta pulasitiki m'mahandulo. Njinga imene inapangidwa kuti ikhale yopepuka inayamba kuoneka ngati mkwatibwi wa kumudzi amene azakhali ake onse amuveka chilichonse chimene anali nacho.

Kusamala kwawo kunali kwa maso a anthu. Ankaitsuka pafupipafupi, inde, koma ankaitsukira m'nyanja, kuilowetsa m'madzi mpaka chishalo, mafunde akuthira mchenga m'mabelingi ndi m'magiya. Ikauma ankapaka polishi wa nsapato m'matayala kuti aziwala. Tcheni ikayamba kulira ankaithira mafuta ophikira, ndipo nyerere zinkaipeza usiku womwewo. Ankanyamulirapo matumba a mpunga amene anthu ankawapatsa mwa mantha, madengu a nsomba, ndi mayi wina wonenepa wa ku Bua amene aliyense ankadziwa kuti si mlongo wawo.

M'mawa uliwonse ankadutsa pamsewu wa kutsogolo kwa kalasi yanga. Ndisanawaone ndinkayamba ndamva: kwii, kwii, kwii. Ndinkadziwa kuti uko ndi kulira kwa pedulo lakumanzere, uku ndi kwa tcheni youma, uko ndi limu lopindika likukhula buleki. Choko chinkaima m'manja mwanga mpaka phokosolo litazimirira. Dzinja limenelo ndinalibe kopita Lamulungu. Ndinkakhala pakhonde n'kumayang'ana mvula ikugwa kumapiri, ndikudziwa momwe tinjira tija taterera, ndi momwe madzi adzadzira pa kamtsinje kamene ndinkawoloka njinga ili paphewa.

Tsiku lina ndinalimba mtima. Ndinawapeza pagolosale ndipo ndinati, "Alamu, bwanji muzibwera nayo Loweruka ndiziitsukako tcheni? Muzitenganso madzulo ake."

Anaseka mokweza kuti anthu onse amve. "Mwamva aphunzitsi? Akuti ine sindidziwa kusamala njinga! Taonani mmene ikuwalira!"

Inkawaladi. Anthu anaseka nawo, chifukwa tcheyamani akaseka munthu sunkakhala chete.

Anaibweza m'masika, mpunga ukucha. Sanabwere ataikwera, anabwera akuikoka, tayala lakumbuyo likukwekwereza pansi. Kachitsulo kosinthira magiya kanali katalowa m'masipoko n'kuthyoka, masipoko ena n'kuduka nako. Mawaya a mabuleki anali adzimbiri, labala wa mabuleki atatha mpaka chitsulo chikudya limu. Mano a magiya anali osongoka ngati a ng'ona. Anaiponya pansi pa mango paja.

"Njinga yanuyi ndi yachabechabe," anatero. "Azungu anakupusitsani. Yandichititsa manyazi pamaso pa anthu ku msonkhano. Muikonze."

Anapempha tiyi. Mkazi wanga anawapatsa, koma anaika kapuyo patebulo mwamphamvu moti theka linatayikira m'sosala.

Chisanu chonse ndinali pa njingayo. Pamsika wa pa boma panali fundi wina wokonza njinga, bambo wachisilamu wa ndevu zoyera, amene ankatseka kashedi kake Lachisanu masana kupita kumzikiti. Ataiona anangoti, "Laa ilaha! Inagundidwa ndi lole?" Ndinati ayi, inabwerekedwa. Sanafunsenso kuti ndi yani, pakuti boma lonse linali litaimva ikulira.

Zipangizo za njinga yotere kunalibe, ngakhale ku Lilongwe amene ankapitako ankabwera chimanjamanja. Tinachita zimene tikanatha. Kaliyala tinaidula ndi sowo, zipsera zake n'kuzipala. Galasi, belu ndi maliboni ndinapatsa ana kuti aziseweretsa. Mabelingi tinawatsegula, ndipo mchenga umene unatulukamo ukanadzaza chikho cha m'manja. Tinaika a njinga wamba ndi girisi watsopano. Masipoko tinadula a njinga zina kuti akwane, ndipo limu ndinaliwongola ndekha, madzulo ndi madzulo, kumanga apa, kumasula apo, mwera ukuwomba fumbi m'maso. Kachitsulo ka magiya kokha kanatikanika. Fundi anafupikitsa tcheni n'kuikhazika pa giya limodzi lapakati.

"Basi," anatero. "Tsopano ndi njinga ngati zinzake. Koma iyenda."

Ndisanachoke ndinamupempha chinthu chimodzi. Ndinakweza chishalo kufika pa msinkhu wanga, ndipo ine ndine wamtali. Ndinati abowole pamenepo, alowetse bawuti, aiphwanye mutu kuti isadzamasukenso. Anandiyang'ana, nayang'ana chishalo, ndevu zake n'kuyamba kugwedezeka ndi kuseka. Kenako anagwira ntchitoyo.

Lamulungu lotsatira ndinabwerera kumapiri. Mitunda imene kale ndinkakwera nditakhala tsopano ndinkaikwera nditaimirira, ina n'kutsika kukankha. Maondo ankawawa. Komabe tcheni inali chete, matayala akulira bwino pa nthaka youma, udzu utapsa kale moti njira yonse inkaoneka. Ndinakhala pamwala paja mpaka thukuta litauma.

Alamu anamva, monga ankamvera chilichonse. Anabwera Loweruka masana, amayi ambiri ali pamjigo wa pafupi ndi nyumba yanga.

"Ndamva kuti yachira. Kukubwera msonkhano waukulu."

"Ndi imeneyo, alamu. Koma chishalo chinagwira dzimbiri, sichikutsika. Fundi walephera."

Anachimenya ndi chibakera, anachipotokola, anapempha sipanala, ndinawapatsa. Bawuti yopanda mutu sipanala igwira pati? Atatopa anati palibe kanthu, akwera choncho. Anaitsamiritsa pa chitsa, nakwera pachitsapo, nadziponya pachishalo. Miyendo inalendewera m'malere, nsonga za nsapato zikufunafuna mapedulo. Njinga inayenda pang'ono yokha, kenako inapendekeka, iwo n'kudumpha moyipa, buluku n'kung'ambika pakati. Kumjigo kunali zii, koma ndinaona mapewa a amayi akugwedezeka, wina atadziluma chitenje.

"Yatha njinga iyi," anatero alamu, atagwira kumbuyo ndi dzanja limodzi. "Ndi chiphakasa. Munthu waulemu wake sangakwere."

"Zoonadi, alamu," ndinatero.

Sanaifunenso. Za anthu ofunsa mafunso zija sindinazimvenso.

Zinthu zitasintha m'dziko muno, zipani zitachuluka, alamu anali m'gulu la oyamba kuvula baji. Sabata yomweyo anaoneka atavala malaya a chipani china, akukweza dzanja mwa mtundu wina, akuuza anthu kuti iwo ankalimbana ndi nkhanza mobisa kuyambira kale. Pamaliro ena ndinawamva akufotokozera anthu kuti mlamu wawo mphunzitsi akanafera kundende pakanapanda iwo. Mkazi wanga, amene anakhala kumbali ya amayi, anandiyang'ana ndi diso londiletsa, ndipo ndinangoyang'ana pansi.

Chipani chatsopanocho chinawapatsa njinga yawoyawo yochitira kampeni, yatsopano, mapepala akadali m'mafelemu. Dzinja limodzi lokha linakwana. Tsiku lina ndinawaona akubwera nayo pakhomo panga akuikoka, tcheni ikulendewera, tayala lakutsogolo litaphwa.

"Alamu, inu mumadziwa zimenezi. Tandikonzerani."

"Ayi," ndinatero.

Anadikira kuti ndipereke chifukwa. Sindinapereke. Anayang'ana mlongo wawo, amene anali pakhonde akusankha mpunga m'lichero, koma iye sanadzutse mutu. Alamu anatembenuza njinga yawo n'kuyamba kuikokera kumsika.